Batani la Pakati pa Mimba ya Nkhumba

Griffith, 6 Malichi 2006

...ndiye monga ndimanena pa tsamba loyamba lija, limene lagwera mu tiyi ndipo sindilembanso, tsiku limenelo kompyuta yathu ija, Nkhumba, inachita kutulutsa utsi. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mamina ali lende, sungakumbuke bwino. Ine ndili pa mpando, dzanja lamanja lagwira mango, lamanzere lokha ndilo lili pa mabatani, kandege ka m'masewera kakudutsa phanga loyamba, lachiwiri, lachitatu, osakhudza khoma ngakhale ndi nsonga ya phiko. Bambo ali pambali panga akungopukusa mutu. Mudzi wonse wa Pangai unadzaza pawindo, ena anachita kubwera pa boti kuchokera ku zilumba zina. Chiyambire tsiku limenelo palibe munthu m'zilumba zonse za Ha'apai anafikapo pamene ndinafika ine, ndipo woteroyo sanabadwe.

Koma taona ndalowa m'nkhani ngati galu wolowa m'tchalitchi. Moni mphwanga Penisimani. Upereke moni kwa bambo, ndi kwa azakhali a Kalolaine uwerame kawiri, kachiwiriko n'kanga. Ine kuno ndili bwino, ndanenepa moti ku fakitale ya malalanje akuganiza zokulitsa chitseko.

Kalata yako ndinalandira. Wati Nkhumba yafa. Ndinakhala pansi, Peni. Kompyuta imene bambo anabwera nayo kuchokera ku Auckland mu 1993, imene inkati ukaiyatsa iyambe yalira kaye ngati nkhumba yoona kokonati wosweka! Watinso chichokereni kuchipatala bambo amangokhala n'kumaiyang'ana. Zimenezo undisiyire ine.

Iwe sudziwa kumene dziko lafika. Masewera a masiku ano amalemba zofuna zawo kuseri kwa bokosi ngati mkwatibwi wovuta: ubongo wa makina uthamange chakuti, pokumbukira pakule chakuti, khadi la zithunzi likhale la mtundu wakuti. Ukaperewera chimodzi, kamunthu kako kamayenda modukizadukiza ngati kaponda minga. Mnzanga Iosefa wa ku Samoa amasewera pa laputopu, imatentha moti tsiku lina tinakazingapo dzira. Ena ali ndi timakina tolumikiza ku wailesi ya kanema, ta ana timeneto. Kompyuta yanga ndinamanga ndekha, ndipo ndikaiyatsa magetsi a mumsewu amaphethira. Bambo ndiwamangira yoposa pamenepo.

Undilembere nkhani. Kodi nkhumba yeniyeni ija ya mawanga inaswa?

Mkulu wako, katswiri wa mapanga atatu,
Lisiate

Pangai, 2 Epulo 2006

Achimwene,

Moni wanu wafika ndipo ndawerama kawiri. Azakhali ati kuwerama kwanu kunachepa.

Pawindo tsiku lija panali anthu awiri, wachitatu anali galu. Utsi sindinauone. Koma zoti munadutsa mapanga atatu sindikana, chifukwa ine ndayesa zaka khumi ndi zitatu ndipo lachitatulo ndimangolionera pakhomo.

Za bambo ndi izi. Mbali ya kumanja sikugwirabe ntchito, mawu amatuluka amodziamodzi, ena osamveka. Namwino wati dzanja lamanzere likhale ndi chochita tsiku lililonse, apo ayi thupi lonse ligona ndipo mtima ulitsatira. Anawapatsa kampira koti azifinya, iwo anakagendera nkhuku. Munthu amene anayendetsa boti zaka makumi atatu safuna kuonedwa akufinya kampira. Chimene amaloza ndi Nkhumba basi.

Ndinaitsegula m'mimba. Mchere wa m'nyanja wadya paliponse, ndipo ndinapezamo nalimata wouma atakumbatira waya. Pomasula ndinasamala kuti ndisakhudze batani lapakati lija, limene bambo ankati tikadina makina aphulika. Ndinadziseka ndekha, poti yafa kale. Kadisiki ka masewera kali bwino, ndakasunga m'Baibulo la malemu amayi.

Chonde achimwene, sitikufuna zophethiritsa magetsi, kuno amaphethira okha. Chingokhala chinthu chokhala ndi kamwa kolowetsa kadisiki, kandege kauluke.

Ya mawanga inaswa ana asanu ndi awiri. Azakhali asankhapo kale awiri onenepa.

Mphwanu,
Peni

Griffith, 30 Epulo 2006

Peni,

Moni kwa nonse, ndi galu wa pawindo uja ngati ali moyo, poti ndiye mboni yokhayo yosachita nsanje.

Yatheka. Ndaitcha Mphezi. Ili ndi mafani anayi, pambali ili ndi galasi, m'kati mukuyaka nyale ya buluu. Ntchito imene Nkhumba inkagwira tsiku lathunthu, iyi imamaliza iwe usanamalize kuyetsemula. Nditauza mwini shopu kuti ndikufunanso kamwa ka kadisiki kakale anaseka mpaka kugwira khoma, ati kuli ngati kumangirira ngolo kumbuyo kwa ndege. Ndinamuuza kuti ayike, si zake.

Yakwera sitima ya pamadzi pamodzi ndi makatoni a mpingo. Ndaikulunga m'mabulangete awiri, m'mbali ndatsekera zitini za nyama. Ikafika musaitsegulire kuseri. Muitane anthu, bambo muwaveke mkeka wawo wabwino wa mwambo wovala m'chiuno, Pangai adziwe kuti mkulu uja ali ndi mwana ku Australia.

Pomanga katoni ndinakumbukira Lamulungu lathu. Amayi ankaiphimba Nkhumba ndi nsalu kuyambira Loweruka madzulo, kuti ngakhale diso lisachimwe. Ife m'tchalitchi tinkadina mabatani pa maondo athu, kumanzere, kumanja, kumwamba, ulaliki wonse. Tsiku lina ndinacheuka n'kuona zala za bambo nazonso zikuyenda pa bondo, nkhope ili kwa abusa ngati mngelo. Ukukumbuka?

Undilembere tsiku lomwelo. Ndikufuna ndidziwe amene anakomoka poyamba.

Lisiate

Griffith, 16 Julaye 2006

Penisimani,

Moni ndikupereka chifukwa amayi anatiphunzitsa, koma ndi wochepa.

Sitima inafika mu Meyi. Juni wadutsa. Ine ndakhala ndikutsegula bokosi la makalata kawiri pa tsiku mpaka chivindikiro chathothoka. Lero potuluka m'tchalitchi mkazi wa Taniela wa mumpingo mwathu, amene wangobwera kuchokera kumudziko, wandiuza pamaso pa anthu kuti Mphezi ili kwa azakhali. Ati ili pa kabati, yophimbidwa ndi nsalu yoluka, pamwamba aikapo botolo la maluwa. Maluwa, Peni! Pa mafani anayi!

Mwambo ndikuudziwa, usandiphunzitse. Mlongo wa bambo akatambasula dzanja pa katundu wa ana a mlongo wake, palibe amatsegula pakamwa. Ananditengera wotchi, ananditengera jekete lija ndinabwera nalo pa maliro a amayi, ndinangoti zikomo. Koma ichi si changa, ndi cha munthu wodwala. Iwo adziwa chiyani za kompyuta? Wailesi yeniyeniyo amachita kuitana mwana wa oyandikana nawo kuti awapezere siteshoni.

Ndipo iwe unaima pomwepo manja ali m'thumba? Foni sindingaimbe, poti foni ili kwa iwo omwewo ndipo amamvetsera khutu lili pa phewa lako. Undiyankhe. Bambo anaigwirako n'komwe?

Lisiate

Pangai, 9 Ogasiti 2006

Iwe Lisiate, mwana wa mlongo wanga,

Kalata yako Peni anafuna kuibisa, ndinaitenga. Nayonso ndi katundu wa m'nyumba ya mlongo wanga.

Ndili bwino, zikomo pofunsa, ngakhale sunafunse.

Mvera. Tinachita zonse monga unanenera. Tinaitana anthu, tinapha nkhumba, bambo ako tinawaveka mkeka n'kuwakhazika patsogolo. Chinthu chako chinayaka bwino, anthu anaomba m'manja poona nyale ya buluu. Peni analowetsa kadisiki. Kandege kanaoneka, ndipo bambo ako asanatukule chala kanali katagunda kale khoma. Peni anayambitsanso. Kanagundanso. Ine sindinakaone n'komwe kakuuluka, ndinkangoona moto. Peni ati masewerawo ndi akale, amawerenga mapazi awo potsatira kugunda kwa mtima wa makina, ndiye makina ako mtima wake ndi wa munthu wothawa galu. Iye mwini, wa manja awiri, sanathe ngakhale kulowa m'phanga loyamba.

Koma bambo ako sanamve zimenezo. Iwo anaona kuti dzanja ndi limene latha. Anayesa kakhumi pamaso pa mudzi wonse. Kenako anakankha mabatani aja, anapempha ndi maso kuti tiwalowetse, anatembenukira kukhoma. Masiku atatu sanadye.

Tsopano undiuze iwe wanzeru. Bambo angabweze mphatso ya mwana wawo woyamba? Peni angachotse m'nyumba chinthu cha mkulu wake? Alendo tsiku lililonse ankabwera kuti mkulu atisewerere tione. Pa Pangai ponse munthu mmodzi yekha ndi amene akanachitulutsa m'nyumba muja popanda wochita manyazi, iwe kapena iwo. Ndine fahu wa banja lino. Ndinavala mkeka wanga, ndinapita masana anthu akuona, ndinati ichi chandikomera. Akunditcha wadyera mpaka kumsika. Anene, khungu langa ndi lakale.

Peni sanakulembere chifukwa amakukonda ndipo ndi wamantha.

Mlongo wanga akudya tsopano, koma dzanja lija laikidwa pa chifuwa ndipo silikuyenda. Ndinamulera ine munthu ameneyu, ndikudziwa akayamba kulongedza. Upeze makina aulesi ngati akale aja. Sindikupempha.

Maluwa akukhala bwino pamenepo.

Zakhali wako,
Kalolaine

Griffith, 12 Sepitembala 2006

Peni mphwanga,

Moni kwa bambo. Kwa azakhali uwerame katatu, konseko n'kwanga, ndipo usawauze kuti ndinalira, chifukwa sindinalire, unali utsi wa anyezi.

Ndakhala milungu itatu ndikusaka kompyuta yaulesi. Tangoganiza, ine Lisiate, amene anyamata a kuno amandivulira chipewa, kulowa m'shopu n'kunena kuti ndikufuna makina ochedwa kwambiri amene muli nawo. Mwini shopu uja anafunsa ngati dzuwa landiwomba. Iosefa wauza fakitale yonse kuti ndakalamba, akuti posachedwa ndifunsa njinga ya matayala atatu. Ndinapita kudzala la tauni kawiri, ndinapeza zakale ndithu koma zonse zothamangabe, kandege kakadakhala ngati ntchentche yomwa kofi.

Ndaipeza kwa mkulu wina wa Chitaliyana, a Zanotto, mlimi wa malalanje. Inali m'shedi, nkhuku inkaikira mazira pamwamba pake. Ankalemberamo masiku othirira mitengo kalekale. Anati nditenge, bola ndiwathandize kudulira mitengo Loweruka. Ndinadulira mitengo zikwi zitatu dzuwa lisanafike pamutu.

Peni, ndi mlongo wake wa Nkhumba. Mtundu womwewo wa phala lozizira, mabatani atatu pamimba. Nditaiyatsa inalira momwemuja. Ndinakhala pa katoni m'shedi muja, ndipo ndinamva fungo la kunyumba, la kokonati wopsa ndi sopo wa amayi. A Zanotto anandifunsa ngati ndili bwino, ndinati ndi anyezi. M'shedi munalibe anyezi.

Ndikukulonjeza kuti iyi ndiyo kompyuta yochedwa koposa mu Australia yense. Ukaiyatsa ukhoza kupita kukasamba, kukwatira, n'kubwera isanamalize kudzuka. Sindiikweza sitima. Amayi a kwaya akubwera kumeneko sabata yamawa, ndipo mkazi wa Taniela wavomera kuisamala ngati khanda, kulipira pakamwa pake paja.

Ulendo uno osaitana anthu.

Lisiate

Pangai, 14 Okutobala 2006

Achimwene,

Moni. Yafika yamoyo, m'kati munali nthenga imodzi.

Ndinaiyatsa m'mawa bambo ali chogona. Itangolira anatukula mutu. Anayang'ana ine, anayang'ana pa tebulo, kenako anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse. Azakhali anali pakhomo, anatuluka msanga ati akukaona nkhuku.

Milungu iwiri asewera m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, limene ndimaiphimba ndi nsalu ya amayi. Phanga loyamba amadutsa. Koma pakhomo pa lachiwiri pali mwala uja wolendewera, pamene umayenera kutsika n'kukwera nthawi yomweyo. Maso awo amauona bwino, ndimaona thupi lonse likupendekeka, koma zala zimafika mochedwa pang'ono chabe. Tsiku lililonse pamwala pomwepo. Poyamba ankadzuma n'kuyambiranso. Kenako anayamba kusewera katatu kokha. Dzulo ndi lero sanaloze n'komwe, ndipo dzanja labwerera pa chifuwa.

Inu munadutsa pamenepo ndi dzanja lamanzere lomwelo, mango ali kwinaku. Ngati pali nzeru yake, ino ndiyo nthawi yoti muinene. Ine zandithera.

Peni

Griffith, 27 Okutobala 2006

Peni,

Moni mwachidule, kalatayi ikuthamangira munthu amene akukwera ndege mawa.

Chotsa makinawo pa tebulo, uwaike pansi, pafupi ndi pamene umakhala iwe. Ukhale kumanja kwa bambo, osavala nsapato. Akayamba kusewera, udine batani lapakati ndi chala chachikulu cha kuphazi. Siphulika. Kanyale kachikasu kazima, basi. Maso ako akhale pa galasi loonetsa kandege, usayang'ane pansi, usakhosomole, usanene kanthu ngakhale pambuyo pake.

Usandifunse.

Lisiate

Pangai, 12 Novembala 2006

Achimwene,

Moni wa nyumba yonse, ndipo ulendo uno ndi wathunthu.

Ndinawanyengerera masiku awiri kuti ayesenso kamodzi kokha. Ndinachita monga munanenera, mobisa ngati ndikuba m'mbale ya chopereka. Kanyale kanazima. Kandege kanayamba kuyenda mofatsa, ngati boti lolowa padoko. Sindinadziwe zaka zonsezi kuti batani limenelo limachepetsa liwiro la makina.

Anadutsa loyamba. Pamwala paja anatsika, anakwera, anadutsa. Lachiwiri lonse. M'lachitatu anagunda pakati, koma anali atafika kumene ine sindinafikepo. Ine ndili duu, maso pa galasi monga munandilamulira.

Ndiye bambo anaweramitsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kanyale kozima, anayang'ana phazi langa. Ndinati basi zathera pano, atembenukiranso kukhoma. Koma mapewa awo anayamba kugwedezeka. Achimwene, anaseka. Mbali imodzi yokha ya kamwa, misozi ikutsika, mpaka azakhali anathamanga kuchokera kukhitchini ndi mpeni m'manja. Atapuma ananena mawu amodzi omveka bwino kuposa onse a chaka chino.

"Lisiate."

Kenako anandigunda bondo kuti ndiyambitsenso, ndipo analoza phazi langa kuti likhale pomwepo.

Tsopano akusewera m'mawa ndi masana. Dzulo anagwira okha kapu ya tiyi. Azakhali ati ndikuuzeni kuti Mphezi mudzaipeza mukadzabwera, koma botolo la maluwa ndi lawo.

Munati ndisafunse, koma ndikufunsa. Munalidziwa bwanji batani limeneli, ndipo bambo anaseka chiyani?

Peni

Griffith, 3 Disembala 2006

Peni mphwanga,

Moni kwa woyendetsa ndege wamkulu wa Ha'apai, kwa azakhali, ndi kwa chala chako cha kuphazi, uchisambitse bwino.

Kalata yako ndaiwerengera fakitale yonse, makina a malalanje anaima ola lathunthu. Tikiti ya Khirisimasi ndagula. Uuze ana a ya mawanga aja kuti mmodzi akonzeke.

Wafunsa, ndiye tsekera chitseko.

Tsiku lija la mapanga atatu, iwe usanalowe, ine ndinali nditagunda mwala umenewo kuyambira m'mawa. Ndinkalira, Peni, kulira kwenikweni kwa mamina. Anyamata a kusukulu anali atanditcha Zala za Chinangwa, ndipo ndinauza bambo kuti sindidzagwiranso makinawo, ndine wopanda pake. Iwo anaimirira. Anatsitsa Nkhumba pa tebulo ati ikutentha, anakhala kumanja kwanga, anati yesa kamodzi kotsiriza. Ndili m'phanga loyamba ndinaona pakona ya diso chala chawo cha kuphazi chikuyenda pansi. Kanyale kanazima. Iwo maso ali pa galasi ngati mngelo wa m'tchalitchi uja.

Nditatuluka m'phanga lachitatu anadinanso mwakachetechete, n'kuimirira kukauza amayi kuti m'nyumba muno mwabadwa katswiri. Sanandiuzepo kuti anachita, ine sindinawauzepo kuti ndinaona. Za kuphulika zija anapeka madzulo omwewo kuti iwe usadzatulukire. Batani limenelo munthu sadzidinira yekha, mpake anakhala milungu iwiri akuliyang'ana osaligwira.

Ndiye pa kalata yanga yoyamba ija ukonze pamodzi pokha. Za dzanja limodzi ndinapeka. Ndinagwira ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, ndipo mango aja anali m'dzanja la bambo, ankandisungira.

Koma utsi unatuluka ndithu. Ukafunse galu.

Mkulu wako,
Lisiate